Kupanga magemu m'komboni: musathere malaiti podikira kompyuta

M'makomboni a Lusaka osewera magemu ndi ambiri. Ku Chawama, ku George ngakhale ku Kanyama simuyenda mtunda wautali musanapeze kachipinda kokhala ndi TV ndi PlayStation, anyamata atapanikizana pa benchi kudikira kuti nawo agwireko mpira wa pa sikirini. Ena mwa iwo, pamodzi ndi alongo awo, ayamba kufunsa kuti magemuwa amapangidwa bwanji, ndipo ayamba kale kuyesa pa laputopu yakale imene wina anaitaya mtima ku ofesi. Chimene chimawafooketsa msanga si masamu kapena kujambula. Ndi kudikira. Mafunso ali m'munsiwa ndi a munthu wotereyu.

Kodi kukompaila n'kutani, nanga n'chifukwa chiyani kumachedwa chonchi?

Kompyuta simva C# kapena C++ mmene munthu amalembera. Khodi imene mwalemba iyenera kusandutsidwa kaye kukhala malangizo amene purosesa ingathe kutsata, ndipo ntchito imeneyo ndiyo kukompaila. Pa gemu si khodi yokha imene imasandutsidwa. Zithunzi zimapanikizidwa kuti zikwane m'foni, nyimbo zimasinthidwa mtundu, ndiye palinso ma shader, timapulogalamu touza kompyuta mmene kuwala kugwere pa khoma kapena pa madzi. Zonsezi injini ya gemu, kaya Unity, Unreal kapena Godot, imachita yokha inu mukuyang'ana kamzere kakukwawa pa sikirini.

Masetingi amene injini imabwera nawo anasankhidwa kuti asasokoneze munthu aliyense, osati kuti afulumire. Choncho injini imakonda kuyambira pachiyambi ngakhale pamene mwangosintha nambala imodzi. Mbali yaikulu ya kudikira kwanu ndi ntchito imene kompyuta inaichita kale mphindi zisanu zapitazo, ndipo mungaiuze kuti isaibwereze.

Masekondi 40 okha, kodi ndi nkhani yodandaula nayo?

Werengani nokha. Wopanga gemu amasintha kanthu, n'kuyesa, n'kusinthanso, tsiku lonse. Ngati nthawi iliyonse mudikira masekondi 40 ndipo mwatero ka 90, ola lathunthu lapita.

Kwa munthu wa ku Helsinki ola limenelo ndi lotopetsa chabe. Kwa wa ku Mtendere ndi nkhani ina. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali ngozi yogwera dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo poti magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuthimitsa maola 8 patsiku mu Malichi. Pofika Seputembala mabanja ambiri ankaona malaiti maola 3 okha patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Amene anadutsa m'chaka chimenecho akudziwa kuti ola limodzi pa maola atatu si lotaya.

Komanso kukompaila kumagwiritsa purosesa yonse nthawi imodzi, ndiye batire imatsika mofulumira kuposa pamene mukungolemba. Pa laputopu yakale imene batire yake inafooka kale, build imodzi yosafunika ikhoza kukulandani theka la ola lolembera khodi malaiti atapita.

Pali chinanso chimene wotchi sionetsa. Mukadikira nthawi yaitali maganizo amathawira ku WhatsApp, ndipo pobwerera mwaiwala chimene mumafuna kuona. Wodikira kwambiri amayesa kochepa, ndipo gemu yoyesedwa kochepa imamveka youma m'manja mwa wosewera.

Ndimagwiritsa ntchito Unity. Ndikadina Play pamatenga nthawi gemu isanayambe. Ndisinthe chiyani?

Apa ndi pamene pali phindu lalikulu pa ntchito yochepa, ndipo ndimalangiza aliyense kuyambira pomwepa. Mukadina Play, Unity imachita zinthu ziwiri musanaone kanthu: imafufuta ndi kutsegulanso khodi yonse ya C#, kenako imatsegulanso scene. Kuyambira mtundu wa 2019.3 mukhoza kuletsa zimenezi. Pitani ku Edit, Project Settings, Editor, mupeze Enter Play Mode Settings. M'mitundu yakale mumachonga Enter Play Mode Options n'kusiya Reload Domain ndi Reload Scene osachonga. Mu Unity 6, imene inatuluka mu Okutobala 2024, mumasankha Do not reload Domain or Scene. Pa mapulojekiti ambiri gemu imayamba pafupifupi nthawi yomweyo.

Koma dziwani mtengo wake. Chilichonse chimene munachilemba kuti static sichibwereranso pa ziro chokha. Tinene kuti mapointi a wosewera muwasunga mu static: mwasewera, mwapeza 50, mwaimitsa, mwadinanso Play, ndipo gemu ikuyamba ndi 50 yemwe uja. Ma event a static nawo amasunga olembetsa akale, mwakuti mfuti ikhoza kuwomba kawiri mutadina kamodzi. Mankhwala ake ndi kulemba ka function kakang'ono kobwezera zinthuzi pachiyambi, n'kukaika chizindikiro cha RuntimeInitializeOnLoadMethod chokhala ndi SubsystemRegistration. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo imakuphunzitsani kusamwaza ma static paliponse, chimene ndi khalidwe labwino kale.

Nanga ndikasintha mzere umodzi wokha, bwanji Unity imakompaila zonse?

Chifukwa mukapanda kuiuza china, imaunjika ma script anu onse mu mtolo umodzi wotchedwa Assembly-CSharp. Kukhudza fayilo imodzi ndi kukhudza mtolo wonse. Kalipentala wa m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga akapatsidwa mpando wogwedera mwendo umodzi saphwasula mpando wonse, amakonza mwendowo basi. Unity nayo ingatero ngati mwaigawira khodi m'zigawo.

Njira yapafupi kwambiri ndi foda yotchedwa Plugins mkati mwa Assets. Ma script a m'menemo amakompailidwa paokha, ndipo sabwerezedwa mukasintha khodi yanu. Khodi ya anthu ena imene munatenga ku Asset Store, imene simuikhudza, malo ake ndi amenewo ngati eni ake sanaigawe kale. Njira yokwanira ndi mafayilo a Assembly Definition, amene anabwera ndi mtundu wa 2017.3. Mumaika imodzi mu foda, ndipo foda imeneyo imakhala mtolo wakewake. Lamulo ndi lakuti khodi yosintha kawirikawiri idalire khodi yokhazikika, osati yokhazikika kudalira yosinthasintha, chifukwa mtolo ukasintha, mitolo yonse youdalira imakompailidwanso.

Musapitirire nazo muyeso. Gemu ya ma script 30 sifunika mitolo khumi. Ndikuona kuti iwiri kapena itatu imakwana mpaka pulojekiti itakula.

Chinanso ndi Auto Refresh, imene ili ku Preferences. Ikakhala yoyatsa, Unity imayamba kukompaila nthawi iliyonse mukasunga fayilo n'kubwerera ku editor, ngakhale munangofuna kuyang'ana dzina la chinthu. Izimitseni, musinthe mafayilo onse amene mukufuna, kenako mudine Ctrl ndi R kamodzi. Masiku oyamba mudzaiwala n'kumadabwa kuti khodi yatsopano sikugwira, koma dzanja limazolowera.

Vuto langa lalikulu ndi kutumiza gemu ku foni ya Android. Build imatenga nthawi yoti munthu n'kuphika n'kudya.

Osewera anu ali pa Android, pa ma Tecno, itel, Infinix ndi Samsung, ndiye kuyesa pa foni simungakuthawe. Pitani ku Player Settings, Other Settings, muone Scripting Backend. Pali Mono ndi IL2CPP. IL2CPP imatenga khodi yanu ya C#, kuisandutsa C++, kenako kukompaila C++ imeneyo. Ndi ulendo wautali, koma gemu yake imathamanga bwino. Mono imadumpha zonsezo ndipo build yake imatha msanga.

N'chifukwa chiyani anthu sakhala pa Mono basi? Kuyambira pa 1 Ogasiti 2019 Google Play imafuna kuti pulogalamu ikhale ndi mtundu wa 64-bit, ndipo pa Android Mono ya Unity imangotulutsa ARMv7, ya 32-bit. Choncho IL2CPP ndi yokakamiza tsiku lotumiza ku Play Store. Koma Lachiwiri wamba, pamene mukungofuna kuona ngati batani lodumphira likukwana chala, Mono ikukwanirani, malinga foni yanu ikulandira mapulogalamu a 32-bit. Mafoni ena atsopano anasiya kuwalandira.

Ngati mukuyenera kukhala pa IL2CPP, pali zinthu zitatu. Pa Target Architectures chongani imodzi yokha, ya foni imene ili m'manja mwanu, chifukwa mukachonga ARMv7 ndi ARM64 pamodzi C++ ija imakompailidwa kawiri. Pa C++ Compiler Configuration sankhani Debug, osati Master. Pa IL2CPP Code Generation sankhani yofulumizitsa build, osati yofulumizitsa gemu. Mukatero chongani Development Build ndipo muzigwiritsa ntchito Patch And Run, imene imatumiza ku foni zokhazo zimene zasintha, kudzera pa chingwe cha USB.

Ndiwonjezepo za bandulo. Build yoyamba ya Android imakoka mafayilo a Gradle pa intaneti, ndipo ikatha imawasunga mu kompyuta. Build yoyambayo kaichitireni kumene kuli Wi-Fi: kusukulu, ku UNZA ngati ndinu wophunzira kumeneko, kapena kwa mnzanu. Ndi bwinonso kudziwana ndi anthu a ku BongoHive, malo amene akhala akusonkhanitsa opanga mapulogalamu mu Lusaka kuyambira 2011, chifukwa vuto limene lakugonetsani mochedwa mwina wina analithetsa kale.

Mnzanga amati Unity ikavuta ndizifufuta foda ya Library. Akunena zoona?

Nthawi zina, koma asakuzolowezeni. Library ndi nkhokwe ya zonse zimene Unity inasandutsa kale: zithunzi zopanikizidwa, ma shader, khodi yokompailidwa. Mukaifufuta, zonse ziyambiranso. Imafufutidwa pamene yaonongeka, monga ngati kompyuta ya pa tebulo yazima mwadzidzidzi Unity ili pakati polemba, ndipo zimenezi kuno zimachitika. Kupatula apo isiyeni. Posamutsa pulojekiti pa flash kupita ku kompyuta ina yokhala ndi Unity ya mtundu womwewo, tengani Library yomwe. Ku Git kokha musaitumize, ingakumalizireni bandulo pachabe.

Ndiponso ngati gemu ndi ya foni, sinthani platform kukhala Android tsiku loyamba pulojekiti ikadali yopanda kanthu. Mukadikira mpaka zithunzi zitachuluka, zonse zidzapanikizidwanso tsiku limodzi.

Ine mtima wanga uli pa Unreal. Zithunzi zake n'zokongola.

N'zokongoladi, ndipo Epic Games, eni ake a Unreal, siitanitsa kanthu mpaka gemu itapeza madola 1 miliyoni, pamene imayamba kutenga 5 peresenti. Koma ndinene mosabisa: Epic yomwe imalangiza RAM ya 32 GB pa Unreal 5 ya masiku ano. Pa laputopu ya 8 GB mudzathera maola a malaiti mukuwerenga ma shader zikwizikwi akutsika mmodzimmodzi pakona ya sikirini.

Ngati makina anu akukwanitsa, kapena mwatsimikiza mtima, yambani bwino. Potsegula pulojekiti yatsopano sankhani Mobile ndi Scalable ngati gemu ndi ya foni. Ku Project Settings, pansi pa Rendering, kuli gawo la Shader Permutation Reduction, kumene mumazimitsa mitundu ya kuwala imene gemu yanu sigwiritsa ntchito. Zisankho zimenezi pangani tsiku loyamba, chifukwa kuzisintha pambuyo pake kumakompailitsanso ma shader. Ma shader omalizidwa amasungidwa mu Derived Data Cache, ndipo imeneyo ndi yosamala ngati Library ija.

Pa khodi, gwiritsani ntchito injini yokompailidwa kale ya mu Epic Games Launcher, osati yodzimangira nokha kuchokera ku GitHub, imene imatenga maola. Mu Visual Studio dinani Build, osati Rebuild. Live Coding, imene imayamba ndi Ctrl, Alt ndi F11, imalowetsa zosintha za mafayilo a cpp editor ili chitsegulire. Mukasintha header, monga kuwonjezera UPROPERTY, ndi bwino kutseka editor n'kukompaila mwa nthawi zonse. Ndipo popeza header imodzi ikasintha fayilo iliyonse yoitchula imakompailidwanso, musamaike ma include osafunika m'ma header. Forward declaration imakwana nthawi zambiri.

Pali chimodzi chosemphana ndi mmene munthu angaganizire. Ngati RAM ndi yochepa, kukompaila mafayilo ambiri nthawi imodzi kumachedwetsa, chifukwa RAM ikadzaza kompyuta imayamba kukhuthulira pa disiki. Mu fayilo ya BuildConfiguration.xml muli MaxParallelActions. Kuitsitsa pa makina ofooka kumaletsa kompyuta kuuma.

Manambala amene mumawasintha kawirikawiri, monga liwiro la galimoto kapena mphamvu ya mdani, aonetseni ku Blueprint. Kumeneko mumasintha popanda kukompaila C++ ngakhale pang'ono.

Ndiye kwa munthu wa ku Matero amene ali ndi laputopu ya 4 GB kapena 8 GB, injini yoyenera ndi iti?

Godot, ndipo sindikuzengereza. Inayambitsidwa ndi Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina, anaitsegulira anthu onse mu 2014 pansi pa laisensi ya MIT, ndipo Godot 4.0 inatuluka mu Malichi 2023. Ndi yaulere, palibe peresenti yodula pa gemu yanu, ndipo palibe kampani ingadzuke m'mawa n'kusintha malamulo a malipiro. Zimenezi si nkhambakamwa: mu Seputembala 2023 Unity inalengeza chindapusa pa gemu iliyonse yoikidwa m'makina, opanga magemu anakwiya, ndipo inadzachichotsa mu Seputembala 2024.

Pa nkhani yathu ya nthawi, chachikulu ndi GDScript, chilankhulo cha Godot. Palibe kudikira kukompaila: mwasunga, mwadina F5, gemu yayamba. Editor yake ndi fayilo imodzi yaing'ono, yosafuna kuikidwa, yoyenda ngakhale pa flash. Ilinso ndi mtundu woyenda pa foni ya Android, umene ndi wothandiza laputopu ikafa batire. Cholemera ndi ma export template, amene amafika cha pa 1 GB, koma munthu mmodzi akawakoka angagawire gulu lonse la ogwiritsa ntchito mtundu womwewo. Pa makina akale sankhani renderer ya Compatibility.

Sikuti Godot ilibe polephera. Pa 3D yolemera Unreal ili patsogolo, ndipo Unity ili ndi maphunziro ambiri pa YouTube komanso zida zambiri zogulitsira malonda m'gemu. Koma gemu yoyamba ya munthu wa m'komboni, kaya ndi ya nsolo, kaya ya minibasi yolimbirana okwera pa City Market, ndi ya 2D kapena 3D yopepuka, ndipo pamenepo Godot ikukwana n'kutsala.

Nanga amene akufuna kukompaila injini ya Godot yeniyeniyo?

Ambiri sadzafunika kutero. Amatero ndi ofuna kuchepetsa kukula kwa gemu kuti osewera asadandaule bandulo, kapena ofuna kusintha khodi ya injini. Godot imamangidwa ndi SCons, ndipo mawu amene mumalemba pambuyo pa scons ndiwo masetingi anu. Pomanga export template ya gemu ya 2D, disable_3d=yes imachotsa mbali yonse ya 3D. Ma module osafunika amazimitsidwa limodzilimodzi, mwachitsanzo module_webrtc_enabled=no. Khodi yochepa ndi nthawi yochepa komanso fayilo yaing'ono. Poyesa siyani lto=none, chifukwa LTO imadya nthawi ndi RAM pa gawo lomaliza, ndipo production=yes isungireni build yomaliza. Pa Linux, linker=mold kapena linker=lld imafupikitsa gawo lolumikiza. Build yoyamba ndi yaitali mulimonse, ndiye iyambitseni malaiti akangobwera.

Kodi pali zokonza pa laputopu yeniyeniyo?

Zilipo, ndipo zina zimaposa masetingi onse a injini. Choyamba ndi disiki. Kukompaila kumawerenga ndi kulemba timafayilo tambirimbiri, ndipo hard disk yakale yozungulira imafooka pamenepo. Ngati muli ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi, gulani SSD, ngakhale yaing'ono, muikepo Windows, injini ndi pulojekiti. RAM ibwere pambuyo pake. Pulojekiti musamaitsegulire pa flash.

Chachiwiri ndi kutentha. Purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Fumbi la m'misewu ya Kanyama ndi George m'chilimwe limatseka fani, ndipo mu Okutobala m'nyumba ya malata mumakhala ng'anjo. Laputopu isakhale pa bedi kapena pa mpando wa thonje. Ikwezeni kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, ndipo kamodzi pa chaka mupite nayo kwa okonza akaipukute mkati n'kusintha thermal paste.

Chachitatu, Windows imachepetsa mphamvu ya purosesa laputopu ikakhala pa batire. N'chifukwa chake ndi nzeru kugawa ntchito potengera malaiti: akakhalapo chitani ma build, kulowetsa zithunzi ndi kukonzeratu kuwala kwa ma scene (baking). Akapita lembani khodi, jambulani, konzani ma level papepala.

Chomaliza ndi antivirus, imene imafufuza fayilo iliyonse yotuluka pokompaila. Mu Windows Security mukhoza kuika foda ya pulojekiti pa Exclusions. Ikani foda imeneyo yokha. Ma flash amene amayenda m'ma cafe ndi m'malo osindikizira amanyamula mavairasi, ndiye kuzimitsa chitetezo chonse ndi kuika gemu yanu pachiswe.

Musanasinthe chilichonse mwa izi, tengani wotchi ya pa foni muyeze nthawi. Sinthani chimodzi, muyezenso. Makina amasiyana, ndipo chimene chathandiza mnzanu mwina kwa inu sichisuntha kanthu.

Kodi masetingi achangu amenewa sangaononge gemu yomaliza?

Angaononge ngati muwaiwala. Onse ndi a masiku ogwira ntchito. Tsiku lotulutsa gemu mumabwerera ku njira yaitali: IL2CPP, Release kapena Master, Development Build yozimitsa, ARMv7 ndi ARM64 zonse zochonga poti mafoni ena otsika mtengo akadali a 32-bit, ndiponso fayilo ya AAB, imene Google Play yakhala ikufuna pa mapulogalamu atsopano kuyambira Ogasiti 2021. Lembani mndandanda umenewu papepala muumate pakhoma pafupi ndi pamene mumagwirira ntchito.

Musadikire tsiku lomaliza kuti muone build yeniyeni koyamba. IL2CPP imadula khodi imene ikuganiza kuti siigwiritsidwa ntchito, ndipo nthawi zina imadula yofunika, mwakuti gemu yoyenda bwino pa Mono imagwa pa foni. Kamodzi pa sabata, usiku umene malaiti akhazikika, yambitsani build yonse mukamapita kogona. M'mawa musaiyese pa foni yanu yabwino. Bwerekani foni yotsika mtengo kwambiri imene ili pa yadi panu, mumupatse mwana wa aneba asewere, inu mukhale pambali muziona pamene gemu ikukakamira.